Saluni yopita nayo ku Chintheche isankheni mutakhala kumbuyo

Ana anga, chaka chikamapita kumapeto nkhani m'mabanja ambiri achinyamata m'tauni imakhala imodzi: tikaonetse mwana kumudzi. Kwa inu amene kwanu kapena kwa apongozi ndi ku Nkhata Bay, cha ku Kande, Chintheche kapena Mpamba, nkhaniyi imabwera ndi funso la mayendedwe. Basi ilipo, koma amene adayendapo ndi khanda kumsana, wina wa zaka zitatu kudzanja, zikwama ndi belo la shuga m'basi yodzaza, akudziwa chifukwa chake mabanja ambiri masiku ano akusonkha ndalama n'kuchita hayala galimoto. Ine sindikutsutsa. Chimene ndikufuna tikambirane lero ndi mtundu wa galimoto imene mukatenge, chifukwa apa ndi pamene abambo ambiri amapunthwa.

Bambo akafika kobwereketsa galimoto, maso amathamangira pa Mark X kapena Benz yakuda yonyezimira. Mumtima akuona kale alamu ake akutuluka m'nyumba kudzaizungulira. Amakhala pampando wa dalaivala, kugwira chiwongolero, kuyatsa wailesi, basi nkhani yatha. Sadafunse kuti imamwa bwanji, ndipo kumbuyo kumene mkazi wake ndi ana adzakhale maola 6 kapena 7 sadasuzumireko n'komwe.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Chintheche kudzera ku Salima ndi Nkhotakota ndi makilomita pafupifupi 350. Kupita ndi kubwera ndi 700, tisanawerengere maulendo a kumsika, kutchalitchi ndi kokaona azakhali. Saluni ya injini ya 1500 monga Corolla kapena Axio, ikakhala yosamalidwa bwino ndipo woyendetsa ali wodekha, imayenda makilomita 13 kapena 14 pa lita imodzi. Ndiye kuti malita 50 kapena kuposerapo pang'ono akufikitsani ndi kukubwezani. Galimoto ya injini yaikulu ya masilinda 6 ikakupatsani makilomita 9 pa lita muthokoze, ndipo ulendo womwewo ukudyerani malita oyandikira 80. Tengani kusiyana kwa malita 30 amenewo, muchulukitse ndi mtengo wa petulo wa tsiku limene mukuwerenga tsamba lino. Sindilemba mtengowo pano chifukwa chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo siikhalitsa malo amodzi. Koma yankho limene mupeze ndi chitenje cha apongozi, fizi ya mlamu wamng'ono, kapena ndalama ya lendi ya Januwale. Onjezaninso kuti hayala ya galimoto yaikulu patsiku ndi yokwera kale.

Tsono musathawire kwina n'kukatenga kagalimoto kakang'onong'ono ka injini ya 1000 chifukwa mwamva kuti kamangonunkhiza mafuta. M'tauni n'zoona. Koma mukakadzaza anthu anayi, katundu wodzaza buti, n'kuyatsa choziziritsa, pachitunda chilichonse kamalira ngati kakupempha chifundo, ndipo phazi la bambo silichoka pansi. Mafuta amene mumati mupulumutse amathera momwemo, miyendo ya okhala kumbuyo itapindika ngati ali mu minibasi. Kwa banja la ana awiri ine ndimakonda saluni yapakatikati, injini ya 1500 mpaka 1800: Corolla, Axio, Allion, Premio ndi zinzake za msinkhu umenewo. Ubwino wina wa galimoto zimenezi ndi wakuti amakaniko a ku Nkhotakota, Dwangwa ndi Chintheche amazidziwa ngati chikhatho chawo, ndipo zipangizo zake sizisowa.

Mayi, tsiku lokasankha galimoto mupite nawo. Mutsegule chitseko chakumbuyo, mukhale, bambo akankhe mpando wawo kufika pamene amayendetsera. Kodi maondo anu akugunda? Kodi malamba akumbuyo alipo onse ndipo akumanga, kapena adakwiriridwa pansi pa mpando? Kodi mphepo ya choziziritsa ikufika kumbuyoko? Mawindo akutsika ndi kukwera? Pemphani kuti muyende nayo pang'ono, mudutse pa hampu. Ikamadumphadumpha ngati bwato pamafunde, mashoko adatha, ndipo mwana wanu adzayamba kusanza musanafike pa Salima. Muyang'anenso matayala. Zija za malimu akuluakulu ndi matayala opyapyala n'zokongola pa ukwati, koma dzenje limodzi la msewu wa kunyanja likhoza kung'amba tayala ndi kupinda limu nthawi imodzi. Galimoto yotsika kwambiri nayo muisiye, chifukwa malo ambiri ogona a m'mbali mwa nyanja, ndi midzi yomwe, mumafikako mutasiya tala n'kuyenda kamsewu ka mchenga ndi mizu ya mitengo.

Za mapepala ndingodutsamo mwachangu. Inshulansi ndi COF zikhale zosatha masiku. Mufunse ngati pali malire a makilomita patsiku, chifukwa ena amakupatsani mtengo wokoma koma makilomita oonjezera n'kukulipiritsani payokha, ndipo ulendo wa ku Nkhata Bay umadutsa malirewo tsiku loyamba lomwe. Mufunse amene alipire tayala likaphulika kapena galasi likasweka. Tsegulani buti muone ndi maso anu tayala lapadera, jeke, sipanala ndi matirayango. Galimoto zambiri zochokera ku Japan zimabwera ndi katayala kapadera kowonda, kongokufikitsani pokonzetsa, osati koyendera makilomita 100. Kenaka ijambuleni pafoni mbali zonse, ndi geji ya mafuta yomwe, mwini wake akuona.

Nyamukani m'bandakucha. Msewu wa ku Salima umatsetsereka kuchoka kumtunda kupita kuchigwa, ndipo mukamafika kumunsi mumamva ndi thupi kuti mpweya wasintha. Musanalowe m'tauni ya Salima mumakhotera kumpoto pa msewu wa M5, ndipo kuyambira pamenepo mpikisano ndi inu ndi dzuwa. Msewu umenewu ndi wopapatiza m'malo ambiri, m'mphepete mwake mudadyeka, ndipo mumagawana ndi njinga zakabaza, njinga zamoto, mbuzi ndi ana asukulu. Musanyamuke musanafunse oyendetsa mabasi za mmene ulili sabata imeneyo, makamaka nthawi ya dzinja. Kumayambiriro kwa 2024 madzi osefukira adadula msewuwu cha ku Dwangwa, anthu n'kumazungulira ku Kasungu ndi Mzuzu. Njira ya M1 yodzera ku Jenda ndi Chikangawa ndi yotalikirapo kwa wopita ku Chintheche, koma ndi yozizira bwino, ndipo masiku ena ndi yomwe imakhalapo.

Pa liwiro, chikwama ndi chipatala zimagwirizana. Galimoto yoyenda 80 kapena 90 imamwa pang'ono kusiyana ndi yoyenda 120, chifukwa liwiro likamakwera injini imalimbana kwambiri ndi mphepo. Kuthamanga n'kuponda mabuleki padzenje, kuthamanganso n'kupondanso, ndiko kumakhuthula thanki. Woyendetsa wabwino amaona patali, amachotsa phazi msanga, ndipo okhala kumbuyo amagona tulo. Mpweya wa m'matayala muupimitse m'mawa musananyamuke, matayala asanatenthe. Muyezo wake udalembedwa pakapepala kamene kali pachitseko cha dalaivala. Tayala lofewa limadya mafuta komanso limatentha.

Nkhani imene imayambanitsa mabanja panjira ndi ya choziziritsa. Bambo amati tizime, chikutha mafuta. Mayi akutuluka thukuta, mwana akulira. Inde, chimadya mafuta, koma osati ochuluka ngati mmene abambo amaopera, ndipo pa liwiro la msewu waukulu mawindo otsegula onse nawo amakoka galimoto m'mbuyo. Kutentha kwa Okutobala mpaka Disembala pakati pa Salima ndi Dwangwa si kosewera nako. Khanda limatha madzi m'thupi msanga kuposa munthu wamkulu. Mukaona mwana wafooka, milomo yauma, thewera lakhala louma maola ambiri, kapena liwombo lalowa, dziwani kuti wayamba kusowa madzi. Woyamwa ayamwe pafupipafupi, okulirapo amwe madzi, osati zakumwa zotsekemera zokha. Ndipo chonde, musasiye mwana m'galimoto yotseka ngakhale mukungokagula nsomba. M'kati mwa galimoto yoima padzuwa mumatentha ngati uvuni pamphindi zochepa.

Pazaka zimene ndidagwira ntchito m'mawodi, ovulala pangozi amene ankandiwawa mtima kwambiri ndi ana amene adali pamiyendo ya amayi awo pampando wakutsogolo. Mayi aliyense amakhulupirira kuti manja ake agwira mwana. Galimoto ikaima mwadzidzidzi manja sagwira kanthu. Ana akhale kumbuyo. Ngati mungathe kupeza kampando ka mwana, kobwereka kapena kakaunjika, kamangireni bwino ndi lamba. Zitseko zakumbuyo zili ndi kabatani m'mphepete kotsekera kuti mwana asatsegule ali m'kati. Ndipo inu amayi oyembekezera, lamba ndi wanunso: wam'munsi adutse pansi pa mimba, pamafupa a m'chiuno, wam'mwamba adutse pakati pa mabere n'kutsikira m'mbali mwa mimba. Buku lanu la kusikelo likhale m'chikwama chapamanja, osati m'buti. Maola awiri alionse imani, tsikani, yendaniyendani. Kukhala malo amodzi nthawi yaitali kumatupitsa mapazi, ndipo kwa mayi wapakati magazi akhoza kuundana m'mitsempha ya m'miyendo. Ngati masiku ali pafupi, yambani mwafunsa anamwino anu musanakonze ulendo.

Malo opumira ndiye msewuwu uli nawo. Pamlatho wa Chia, pamene thamanda lija limalumikizana ndi nyanja, pali msika wa nsomba. Onani, funsani mitengo, koma kugula mudzagule pobwerera. Ku Nkhotakota imwani tiyi ndipo muonjezere mafuta ngakhale geji ikuonetsa kuti mukadali nawo. Tidaphunzira mu 2011 ndi 2012, n'kudzaphunziranso kuyambira 2022, kuti malo omwetsera mafuta akhoza kukhalapo koma mapampu ali gwa. Lamulo langa ndi lakuti thanki ikafika theka, pamene mwapeza mafuta thirani. Mukaoloka Bua n'kulowa m'minda ya nzimbe ya ku Dwangwa, yang'ananinso geji. Koma zonyamula petulo m'chigubu m'buti ya saluni, ana ali kumbuyo, ayi ndithu. Fungo lake limalowa m'kati, limapweteketsa mutu ndi kuchititsa nseru, ndipo mabala a moto wa petulo ndidawatsukapo, sindifuna muwadziwe. Mafuta a m'mabotolo a m'mbali mwa msewu nawo simudziwa chimene adasakanizamo, ndipo injini ikafa ndi ya mwini wake, ngongole ndi yanu.

Mukadutsa Dwambazi dziko limasintha. Mapiri amayandikira kumanzere, nyanja imayamba kuonekera kumanja pakati pa mitengo ya mango, ndipo chimanga chimachepa, chinangwa n'kutenga malo. Pakhomo lililonse muona chinangwa chonyika chitayanikidwa pathandala, choyera mbee, ndipo kafungo kake kowawasa kakupezani ngakhale mawindo ali otseka. Mwalowa kwa Atonga. Apa tsitsani liwiro, zimitsani choziziritsa ngati kwayamba kamphepo, ana aone. Tukombo, kwawo kwa malemu Aleke Banda, mudutsa pomwepa. Kenaka Kande, ndi mchenga wake woyera wautali ndi kachilumba kamene kali patsogolo pake. Masiku ena kutali panyanja muona ngati utsi wakuda ukukwera kumwamba. Si moto ayi, ndi nkhungu, tizilombo touluka timene timaswa m'madzi, ndipo mphepo ikatibweretsa kumtunda anthu amatikola n'kupanga ndiwo.

Pakati pa Kande ndi Chintheche pali Bandawe. Patukani, n'koyenera. Amishoni a Livingstonia, motsogozedwa ndi Dr Robert Laws, adasamukira kuno mu 1881 kuchokera ku Cape Maclear kumene malungo adawasautsa. Kunonso malungo sadawasiye, ndipo mu 1894 likulu la mishoni lidakwera kumapiri a Khondowe. Tchalitchi chakale cha njerwa chilipo, ndipo manda a amishoni amene adatsala kuno alipo. Mukaima pamandapo mukumbukire neti. Udzudzu wa kunyanja sudapume pantchito ngati ine. Ana obadwira m'tauni ndi amayi oyembekezera ndi amene malungo amawagwetsa msanga, choncho nyamulani neti yanu ndi kachingwe, musadalire kuti mukaipeza. Mwana akatentha thupi muli komweko, ku Chintheche kuli chipatala. Akatentha patatha sabata imodzi kapena ziwiri mutabwerera, mukamuyezetse tsiku lomwelo ndipo muwauze adokotala kumene mudali.

Sukulu za mishoni imeneyi ndi zimene zidapangitsa Atonga kukhala anthu oyenda. Clements Kadalie, amene adayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, adabadwira ku Chifira, kufupi ndi Bandawe pomwepa. Anthu a kuno akhala akupita ku Joni ndi ku Harare kwa zaka zoposa 100, ena wapansi, n'kumabwerako ndi masuti, zipewa ndi nsapato zopukuta. Ndikunena izi kwa inu akamwini amene mukufuna kukadabwitsa mudzi ndi Benz yahayala. Agogo a kuno adaona zambiri. Adzayang'ana kolala ya shati yanu, adzamvetsera ngati mukudziwa kuyankha kuti "nde umampha" akakufunsani kuti "mwe uli", ndipo adzaona ngati mdzukulu wawo wafika wosangalala. Za galimoto adzangofunsa kuti ndi yanu kapena ayi, ndipo ana a m'mudzi adzakhala atawauza kale.

Pa Chintheche pali msika, sitolo ndi malo ogona a mitengo yosiyanasiyana m'mbali mwa nyanja. Idyani kondowole. Inu a nsima ya chimanga tsiku loyamba mudzalimbana naye, chifukwa amanyata m'manja ndipo satafunidwa, mumangotema, kusunsa ndi kumeza. Ndi usipa wauwisi kapena batala wootcha, pambali chigwada, mudzapempha wina. Mukakhalako pa Chaka Chatsopano funsani kumene kukuvinidwa chilimika, ndipo mukamva kulira kwa malipenga tsatirani, mukaone amuna atavala zoyera zosita bwino akuponda mwaulemu ngati asilikali. Kunyanja ana asalowe okha ngakhale madzi akuoneka osaya, ndipo mwera ukamaomba musakwere bwato. Pewani kusamba pamadzi odekha a m'mabango, pamene pamakhala nkhono za likodzo. Pakatha miyezi iwiri mutabwerera, kapena mukaona magazi m'mikodzo ya mwana, pitani kuchipatala. Mankhwala ake alipo ndipo ndi akumwa tsiku limodzi. Galimoto musaitsitsire pamchenga kuti mujambulitse. Saluni imatitimira pomwepo, ndipo anyamata okankha amadziwa mtengo wawo.

Kuchoka pa Chintheche kupita ku Nkhata Bay ndi makilomita pafupifupi 40. Mumaoloka Luweya, kenaka msewu umalowa m'nkhalango ya mitengo ya labala ya ku Vizara, yobzalidwa m'mizere, mthunzi wokhawokha. Pathunthu la mtengo uliwonse pali kachikho kolandira utomoni woyera. M'mbali mwa msewu anyamata amadunditsa mipira yopangidwa ndi labala yemweyo. Gulirani ana umodzi, koma imani pamalo ooneka bwino, osati pakona.

Opita ku Mpamba mumasiya njira yolowera ku Nkhata Bay boma n'kuyamba kukwera cha ku Mzuzu. Msewu umenewu adaumanganso ndipo ndi wotakasuka, koma ndi wa makona ndi zitunda, pakuti nyanja ili mamita osakwana 500 pamwamba pa nyanja yamchere pamene Mzuzu ali pa mamita oposa 1,200. Pokwera galimoto imamwa, palibe kuchitira mwina. Potsika ndi pamene pali msampha. Madalaivala ena amaika giya pa fili kuti apulumutse mafuta. Musayerekeze. Galimoto za masiku ano zimadula zokha mafuta mukachotsa phazi ili m'giya, ndiye palibe chimene mwapulumutsa, mwangosiyira mabuleki ntchito yonse mpaka atenthe n'kuleka kugwira. Ikani giya yotsika, injini ithandize kugwira galimoto. Mwana amene amachita chizungulire pamakona asadye zamafuta musananyamuke, asayang'ane foni, ayang'ane kutsogolo, ndipo kapepala kapulasitiki ndi kansalu konyowa zikhale pafupi. Pa Mpamba nthochi ndi zinanazi mudzazipeza m'mbali mwa msewu, ndipo mtengo wake mukauyerekeza ndi wa ku Lilongwe mudzafuna kugula msika wonse.

Amene kwanu ndi ku Usisya, saluni ikafika ku Mzuzu kapena ku Nkhata Bay yamaliza ntchito yake. Msewu wotsikira ku Usisya ndi wafumbi, wamiyala, wotsetsereka koopsa kumapeto kwake, ndipo mvula ikagwa ngakhale galimoto zamphamvu zokoka ndi matayala onse zimavutika. Eni galimoto zahayala ambiri salola n'komwe kuti saluni ichoke patala mtunda wotero, ndipo mukaswa chapansi pa injini inshulansi ikhoza kukukanani. Isiyeni pamalo otetezeka, mukwere galimoto zozolowera njirayo, kapena mudzere panyanja. Sitima ya Ilala, imene idayamba kuyenda mu 1951, yakhala ikuima pa Usisya kwa zaka zambiri, koma funsani kudoko la Nkhata Bay za tsiku ndi sitima imene ikuyenda musanalonjeze agogo tsiku lofika. Mukakwera boti, funsani majekete oyandamitsa, a ana omwe. Muwerengerenso kuti masiku amene galimoto yangoima mukuilipirabe, mwina n'kwanzeru kungokwera basi mpaka ku Mzuzu.

Pobwerera ndi pamene saluni imayesedwa zenizeni. Apongozi akupatsani thumba la ufa wa kondowole, azakhali mkoko wa nthochi, amalume nkhuku yamoyo, ndipo padzapezeka msuweni amene akungofuna mumusiye pa Dwangwa. Galimoto ya anthu asanu ndi ya anthu asanu, ndipo katundu wolemetsa amaikhazika pansi, imayamba kukhula mahampu ndi kumwa ngati ija mudaikana. Landirani zimene buti ingathe, zolemera muziike m'kati kufupi ndi mpando, zotsalazo munene mwaulemu kuti mudzazituma pa basi. Woyendetsa agone mokwanira usiku wotsanzikana, asakhale pa mowa ndi alamu mpaka tambala, ndipo munyamuke m'mawa kuti mdima usakupezeni pakati pa Nkhotakota ndi Salima, pamene njinga zambiri zilibe nyali.

Nsomba za pa Chia muzigule tsopano. Zauwisi zikhale m'bokosi la ayezi lotseka bwino, zouma muzikulunge kawiri. Madzi a chambo akangodonthera pa kapeti ya m'buti, fungo lake silichoka ndi sopo wamba, ndipo mwini galimoto adzadula ndalama yochapitsira pa dipoziti yanu.